Zala za Akazi Anga

Ndili ndi bokosi lachitsulo limene ndimalikhazika pa njerwa zopaka palafini kuti chiswe chisalowemo. Muli khadi la ntchito la malemu bambo anga, la nthawi imene anafika kuno kuchokera ku Malawi. Muli makadi a ubatizo a ana athu onse, ngakhale a awiri amene tinawaika kuseri kwa mabalani a fodya. Muli ndi kapepala kogulira wailesi imene inafa kalekale. Ine sinditaya pepala. Koma mutakhuthula bokosi lonselo simungapezemo pepala la boma lonena kuti akazi anga alipo.

Anabadwira mu komboni, pa famu ina kuno ku Tengwe, ndipo palibe amene anakawalembetsa. Nthawi ya mzungu zimenezi sizinkavutitsa munthu. Foromani ankawadziwa nkhope, basi.

Amene sanathyolepo fodya sadziwa utomoni wake. Umamatirira m'manja, wakuda bii, ndipo sopo amangoterereka pamwamba pake. Ukagwira chakudya usanauchotse, chimawawa. Amayi onse a mu komboni ankadziwa chochita: kansanza, palafini pang'ono, kukwecha mwamphamvu, kenako mchenga ndi madzi. Anali palafini yemweyo wa mu koloboyi, yemweyo wophera nsikidzi ndi woyatsira nkhuni zonyowa. Akazi anga anayamba kutsuka manja motero ali mtsikana. Khungu linkasweka, kusupuka, kumera lina, kusupukanso. Tinkati ndi mmene manja a munthu wolimbikira amakhalira.

Famu itagawidwa, ife tinatsala mu komboni momwemo. Tsopano timadya za maricho, ndiye kuti ganyu, m'minda ya eni atsopano. Chaka cha chilala kunabwera ogawa chimanga, nati aliyense aonetse chitupa. Ine ndinaonetsa changa. Akazi anga anaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka, nabwerera ndi thumba lopanda kanthu. Anthu awiri tinadya gawo la mmodzi.

Kenako tinamva kuti opanga zitupa afika pa sukulu ya pafupi. Inali nyengo yothyola fodya. Ndinasanja mapepala bwinobwino, ndinapempha kalata ya ku tchalitchi, ndinapezanso mboni, mkulu wina amene anakulira limodzi ndi akazi anga. Mtsikana wa pa tebulo anawerenga zonse mosathamanga.

"Sekuru, anthu onse akanamabwera chonchi, ntchito yathu ikanapepuka," anatero m'Chishona, kundiitana ngati agogo ake.

Ndinamva kukoma, sindibisa. Ndiye anatulutsa kamakina kokhala ndi galasi, nauza akazi anga kuti aikepo chala. Kanakana. Anapukuta galasi, anayesa chala china, kanakana. Anayesa dzanja lonse, ndi linalo. Pomaliza anatembenuza dzanja la akazi anga n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Gogo, mizere ya zala zanu ili kuti?"

"Mwanangu, inapita ku Harare ndi mabelo a fodya," akazi anga anayankha. "Kaifunseni kumeneko."

Apamzere anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamufunsa mtsikanayo ngati kalata ya m'busa, mboni yamoyo ndi munthu mwiniwake ataima pamaso pake, zonsezo zikuchepera kagalasi.

"Zvakaoma, sekuru, n'zovuta. Si ine, ndi makina."

Sanali wamwano. Anati akazi anga asiye palafini, apumitse manja, azidzola mafuta mpaka khungu litabwerera, kenako tikayesenso ku tauni. Anatipatsa kapepala kodinda kale konena kuti zala sizinawerengeke. Ndinakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Dzina panalibe. Kakhoza kukhala ka munthu aliyense.

Panjira ndinati, "Mayi, mwamva zimene wanena mwana uja?"

"Ndamva, bambo. Nanga tidzadya chitupa?"

"Chilala chikabweranso mudzadya chiyani?"

"Chikabweranso tidzaona. Njala ya mawa ndiyo ili pakhomo."

Maricho enieni amapezeka nyengo ya fodya yokha, ndipo ine msana unandiletsa kuwerama. Amene akutidyetsa ndi iwowo. Ndinayesabe. Ndinawamanga m'manja timatumba ta pulasitiki ta shuga, koma tinkang'ambika mzere woyamba usanathe, ndipo mwini munda anati akuchedwa, akapanda kufulumira aitana ena. Ndinayesa mafuta ophikira m'malo mwa palafini, koma sitingathire m'manja mafuta amene ndiwo zikusowa.

Fodya atatha, manja anapuma ndithu. Ming'alu inatseka. Ndinkawagwira zala m'mawa uliwonse n'kuzipenyetsetsa padzuwa, iwo akundiseka kuti ndakhala dokotala. Khungu linamera losalala ngati botolo. Mizere sinabwerere. Ku tauni sitinapiteko, chifukwa ndinaona ndekha kuti kagalasi kaja sikapezapo kanthu.

Kapepala kopanda dzina kaja ndinakaika m'bokosi, pamwamba pa khadi la bambo anga. Fodya wapsanso chaka chino. Dzulo madzulo akazi anga anafika kuchokera kumunda, anakhala pakhonde, natambasula manja akuda aja.

"Bambo, tandipatsirani botolo."

Ndinatenga kansanza, ndinathirapo palafini, ndipo ndinawakwecha ndekha, chala chimodzichimodzi.