Ndodo za ba Mwape m'dziko la mu kompyuta

Loweruka lapitali ndinagwera mumtsinje kalasi yonse ikuona. Musadandaule, sindinanyowe. Mtsinjewo unali wa mu kompyuta.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti chaka chino ndinabwerera kusukulu, imvi zili mbuu. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi ku Kabwata kupita m'tauni, kukakoleji kena, kukaphunzira kupanga masamba a pa intaneti. Anandituma ndi amayi a kunyumba. Iwo amasoka madiresi a ukwati, ndipo anatopa ndi makasitomala ofunsa kuti, "Muli pa intaneti?" Tsiku lina anangonditembenukira n'kunena kuti, "Inu mumalemba m'nyuzipepala sabata iliyonse, tsamba limodzi lingakukanikeni?"

Likundikanika ndithu, koma sindinagonje. Tsiku limene ndinakwanitsa kusandutsa mutu wa tsamba kukhala wofiira ndinalowa m'nyumba ngati munthu wapha mkango.

Mphunzitsi wathu ndi Madamu Zulu, mtsikana wodekha, wausinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Loweruka limeneli anati tisiye kaye zolemba, atitengere kokayenda. Anatilowetsa m'kamzinda kamene ophunzira a kalasi ya patsogolo akhala akumanga mu kompyuta. Muli misewu, mitengo, kamsika, mtsinje ndi mlatho wake. Aliyense amasankha chidole chomuimira n'kumachiyendetsa ndi mabatani. Ukakumana ndi chidole cha munthu wina mumalankhulana ndi mawu enieni, kaya mwini wakeyo wakhala pampando woyandikana nawe, kaya ali ku Kitwe.

Ine ndinasankha mnyamata wa tsitsi lambiri ndi chifuwa chotambalala. Ndisekeni ngati mukufuna. Ndani wa inu akanasankha dazi ndi mimba?

Mnyamata wangayo anayenda bwino mpaka pamlatho. Pamenepo chala changa chinadina batani lolakwika, ndipo anangoti chubwi! Ana a m'kalasi anafa nacho chiseko.

"Osadandaula, ba Tembo," anatero Madamu Zulu. "Kuno munthu samira. Dinani apa, muzabwela pamwamba."

Pobwerera m'minibasi, nditapanikizidwa pakati pa thumba la tomato ndi mayi wina wa foni yaphokoso, maganizo anga sanali pa mtsinje. Anali pa miyendo ya chidole chija, mmene imayendera osatopa. Ndipo anali pa ba Mwape.

Ba Mwape ndi mnzanga wa zaka zambiri. Kwawo ndi ku Luapula, ine makolo anga anachokera ku Chipata, ndiye pakati pathu pali chimbuya, ubale uja umene umalola Mbemba ndi munthu wa kum'mawa kunyozana ngakhale pamaliro popanda wokwiya. Iwo amati ine ndimadya mbewa, ine ndimati iwo amadya anyani. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa malole akuluakulu ochokera ku Heavy Industrial Area, ndipo malire a mayiko ankawadumpha ngati mmene inu mumadumphira ngalande. Chaka chatha matenda a shuga anawagwira phazi, chilonda chinakana kupola, ndipo madokotala anadula mwendo wakumanzere m'munsi mwa bondo.

Chilonda cha mpeni chinapola. Koma kuyambira pamene anatuluka m'chipatala, ba Mwape sanaonekenso pamsewu wa kwawo ku Chelstone. Kutchalitchi ayi, kumaliro ayi, ngakhale pageti. Anzawo tikapita, akazi awo, bana Chanda, ankatilandira pakhonde ndi nkhope yamanyazi: "Agona." Munthu amagona masana onse, miyezi yonseyi?

Lolemba masana ndinanyamula laputopu, ndipo bana Chanda asanatsegule pakamwa ndinati, "Ngati agona, ndikawadzutsa." Anandipatukira.

M'chipinda munali mdima, makatani otseka. Ndodo ziwiri za kuchipatala zinali zotsamira pakona, pulasitiki yake isanachotsedwe n'komwe. Ba Mwape anali pabedi, ndevu zitamera ngati thengo.

"Shani, wodya anyani?" ndinatero.

"Iwe wa mbeba, wakuitana ndani?" Mawu anali olemera, koma poti chipongwe chinabwezedwa, ndinadziwa kuti munthu akadalimo.

Ndinakhala pambali pawo n'kutsegula laputopu. Ndinawaonetsa kamzinda kaja, ndi mnyamata wanga watsitsi. Anamuyang'ana, n'kundiyang'ana padazi. Kenako ndinati asankhe chidole chawo.

Tinayamba kuzidutsa chimodzichimodzi. Aatali, aafupi, onenepa, a tsitsi lobiriwira, a mapiko, wina wa mutu wa mphaka.

"Pita pasogolo," ankatero. "Pasogolo futi."

Zidole zinatha.

"Palibe wa mwendo umozi?"

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. "Ba Mwape, ubwino wa kuno ndi womwewo. Muyenda ndi miyendo iwiri monga kale, muthamanga ngati mukufuna."

Anatambasula dzanja n'kutseka laputopu pang'onopang'ono.

"Wa miyendo ibili uja anasala ku chipatala, Tembo. Sabwela. Ine nifuna kuona uyu wasala, ngati angayende pakati pa bantu."

Ndinabwera nditanyamula mphatso ya miyendo, ndili wonyadira, osadziwa kuti munthuyo sakulira miyendo yongoyerekeza. Ankafuna malo oyeserera kuonedwa.

Lachitatu ndinapita kukoleji ngakhale silinali tsiku langa. Ndinapeza Madamu Zulu akudya chimanga chootcha pakati pa makalasi, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anasiya kutafuna.

"Mutu wa mphaka tili nawo," anatero mwapansipansi. "Mapiko tili nawo. Munthu wa ndodo tilibe." "Ndipo ndine amene ndimakuvutitsani m'kalasi za anthu osaona."

N'zoona, amativutitsa. Chithunzi chilichonse chimene taika patsamba amati tichilembere mawu ochifotokoza, chifukwa pali anthu amene tsamba saliona, amalimva, kompyuta ikuwawerengera. Ambirife timalumpha pamenepo pothamangira kusankha mitundu yokongola, ndipo iwo amatibweza. Koma ngakhale iwo, ndi chisamaliro chawo chonsecho, ndodo zinawadutsa.

"Ndipatseni mpaka mawa," anatero. "Ndikhala pansi ndi a kalasi ya patsogolo. Koma muwauze kuti kayendedwe kake sikakhala kokongola."

Lachinayi masana ndinabwerera ku Chelstone. Pakati pa zidole panali chatsopano: bambo wadazi, wa mwendo umodzi, ndodo ziwiri m'khwapa. Ba Mwape anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Dazi wamuuza ndiwe?"

"Ndinangonena zoona."

Ndinawaonetsa mabatani. Chidole chinanyamuka modzidzimuka, n'kuima, n'kudumphanso. Ba Mwape anaseka, chiseko chenicheni chochokera m'mimba, chimene ndinali nditachiiwala.

"Ayenda monga lole yakufa kilachi!"

Koma dalaivala ndi dalaivala. Posakhalitsa anali atachizolowera, akukhota bwinobwino m'makona. Analunjika kukamsika, kumene kunali zidole zingapo za ana a sukulu. Chimodzi, chamapiko, chinawayandikira, ndipo mu laputopu munatuluka mawu a mtsikana.

"Mudala, mwendo unayenda kuti?"

Ana a masiku ano, kufunsa ngati akufunsa mtengo wa mandasi! Ndinatambasula dzanja kuti nditseke mawu, koma ba Mwape anandigwira pamkono.

"Shuga inadya, mwana wanga."

"Aa, pepani. Na amalume banga ni chimozimozi. Koma bayenda, bagulisa na ku maliketi." Ndipo asanapume n'komwe anapitiriza: "Mwauona mlatho? Tiyeni nikuoneseni."

Basi. Nkhani ya mwendo inathera pomwepo. Chamapiko patsogolo, chandodo pambuyo, ulendo wa kumlatho. Ndipo ndikuuzeni mwachisoni kuti ba Mwape anawoloka bwinobwino osagwa, kenako n'kundifunsa kuti malo amene ndinagwera ndi ati kwenikweni.

Nditatembenuka ndinaona bana Chanda ataima pakhomo la chipinda, kansalu kopukutira mbale kali pakamwa. Pondiperekeza pageti anandiuza kuti chichokereni kuchipatala amuna awo anali asanatchulepo za mwendowo, kwa iwo kapena kwa ana. Anakazinena poyera kwa mwana wa eni, wa mapiko, amene sadzamuona nkhope.

Tsono ndili ndi mawu kwa makolo anzanga. Tikakumana pamaukwati nyimbo yathu ndi imodzi: mafoni atha ana, makompyuta awatsekera m'zipinda, sadziwanso kupereka moni. Mbali ina ndi zoona, nanenso ndaimbapo. Koma sabata ino ndaona chinthu chomwecho chimene timati chimatsekera anthu m'zipinda chikutsegulira nkhalamba makatani. Ife anzake a zaka zambiri tinkabwera kuchipatala ndi nkhope za pamaliro, maso tikuwathawitsa pabulangete. Mwana uja anafunsa, anamva, anapepesa, n'kupitiriza ulendo. Ndani mwa ife anamuchitira ulemu woposa?

Ndipo pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Ana amene anamanga kamzinda kaja si oipa mtima. Anamanga dziko la anthu amene amawaona tsiku ndi tsiku. Ngati wa ndodo sanamuganizire, n'chifukwa choti m'misewu yathu saonekaoneka. Nanga saonekaoneka chifukwa chiyani? Kodi alipo ochepa? Pitani kuchipatala chilichonse tsiku la odwala shuga mukaone mzere wake, kenako mudzifunse kumene anthu onsewo amapita akachoka pamenepo.

Yankho ndinalipeza Lachisanu.

M'mawa foni inalira. "Tembo, nifuna kugela. Ku Northmead, kwa uja wanga wakale. Bwela unitenge."

Ndinasiya tiyi pathebulo. Mnansi wawo wina anatipatsa galimoto, ndipo ba Mwape anatuluka m'nyumba atavala shati yoyera yosita, akudzikoka pandodo, thukuta lili kamukamu asanafike n'komwe pageti. Bana Chanda ankayenda pambuyo, manja ali m'malere ngati mayi wa mwana wophunzira kuyenda. Ba Mwape anawathamangitsa: "Bwelela, sinili mwana."

Njira yonse ankatsutsa kayendetsedwe kanga. Ndinakondwa.

Titafika, tinaima. Kutsogolo kwa shopu yometera kuli ngalande yosavundikira, ndipo kuseri kwa ngalandeyo kuli masitepe aatali a simenti, opanda pogwira. Ine pakhomo limenelo ndalowapo kambirimbiri, koma ndikulumbira kuti masitepewo ndinawaona koyamba tsiku limenelo.

Ba Mwape anaika ndodo m'mphepete mwa ngalande, n'kuibweza. Anayesanso, n'kuibwezanso. Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. Anyamata awiri otsuka magalimoto anathamanga: "Tikunyamuleni, mudala!"

"Osanigwila."

Ananena motsitsa, koma anyamatawo anabwerera m'mbuyo. Ndinaona nsagwada zawo zikulimba, maso akuyang'ana kugalimoto, ndipo ndinadziwa kuti akakalowamo tsopano, makatani aja atsekedwanso, mwina mpaka kalekale.

Wometa uja, bambo wamfupi wa magalasi, anasuzumira pakhomo. Anayang'ana nkhope, anayang'ana ndodo, anayang'ana masitepe ake.

"Ba Mwape! Muli moyo? Imani pamene apo!"

Analowa, n'kutuluka atasenza mpando wometera pamutu. Anautsitsa, anadumpha nawo ngalande, n'kuukhazika pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Anabwereranso kukatenga nsalu, galasi ndi makina a batire.

"Lelo tigelela panja, kuli mphepo yabwino," anatero, ngati kuti amachita zimenezi tsiku lililonse.

Ndipo ba Mwape anametedwa pamenepo, Northmead yonse ikuona, ndodo zitatsamira mtengo, buluku la kumanzere litapindidwa ndi pini. Dalaivala wina wa minibasi amene ankawadziwa analiza hutala n'kukuwa dzina lawo. Iwo anakweza dzanja pansi pa nsalu ngati phungu. Ndevu zitagwa, nkhope ya mnzanga inatuluka, yoonda, koma yake.

Pokonza m'mbali mwa makutu, wometayo anayang'ana khomo lake n'kupukusa mutu. "Masitepe aya n'nawapeza. Sin'nawaganizilepo."

Sindikumuimba mlandu. Mawu akewo ndi a tonsefe. Amene anamanga sitolo ya pakona panu sanawaganizirepo. Amene anakweza khomo la tchalitchi chanu kuti lioneke laulemu sanawaganizirepo. Amene anakumba ngalande ku City Market n'kuisiya yosavundikira sanawaganizirepo. Palibe amene analemba pakhomo kuti a ndodo asalowe. Simenti inalankhula yokha. Mpando pansi pa mtengo ndi chikondi, ndipo ndikuthokoza, koma mvula ili pafupi, ndipo si wometa aliyense amene adzasenze mpando. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Shuga sayang'ana kuti uyu ndi wa ku Kabulonga kwa olemera kapena wa ku Kabwata.

Ndiye ndikupempheni kanthu kamodzi. Mawa m'mawa mukafika pakhomo la shopu yanu, ofesi yanu kapena tchalitchi chanu, musathamangire kulowa. Imani panja, mukweze phazi limodzi, muyese kulowa ndi lotsalalo.

Mwakanika? Nanga ndi ndani amene khomo lanulo lakhala likumuuza, tsiku ndi tsiku, kuti akhale kunyumba?