Mawondo a Adadi

Mpaka lero ndikamva fungo la chikopa chopakidwa mafuta ndimabwerera ku fulati yathu ya ku Tottenham, chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Golovesi ya adadi inkagona pamwamba pa fuliji, mpira uli mkati mwake, yomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Fungo lake linkalimbana ndi la anyezi wokazinga, ndipo amayi ankati m'nyumbamo muli mkazi wachiwiri.

Adadi anali a ku Chipata. Ali mnyamata anaphunzira besibo ku Lusaka, masewero amene abale awo ankati ndi a anthu osowa chochita, koma anawatengera kunja komwe anasewera zaka zambiri molipidwa. Iwo anali wowakha, uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya atavala chigoba cha waya kumaso, n'kumalandira mipira yonse ya woponya. Pomwe ndinkabadwa n'kuti akuyendetsa basi ku London, ndipo Loweruka ankaphunzitsa ana pabwalo la udzu pafupi ndi njanji.

Ntchito yowakhayo inawadya mawondo. Pokwera masitepe mawondowo ankalira ngati chitseko chadzimbiri. Amayi anali namwino, wosadziwa kunyengerera wodwala, ndipo ankabwereza mawu a dokotala tsiku ndi tsiku: akapitiriza kunyonyomala mawondowo atheratu, basi sadzayendetsanso. Adadi anamvera, n'kumaphunzitsa ataimirira.

Chilimwe chimenecho anandisankha kukhala woponya, ine mtsikana ndekha m'timu yonse. Mkono ndinali nawo, koma mpira wanga unkapita kumene wafuna wokha. Nditatupitsa chala cha mnyamata wina, ana onse anakana kundiwakhira. Madzulo ake adadi anatsitsa golovesi ija, natenga chigoba chawo, tinapita kubwalo awiriwiri, ndipo ananyonyomala patsogolo panga.

Amayi atamva anakwiya koopsa. Chaka chomwecho ndinali nditasiya kugwada popereka moni kwa alendo a kutchalitchi, ndinkati kuno ndi ku London. "Mwana wokana kugwadira akuluakulu, inu n'kukamugwadira pabwalo?" anatero amayi.

"Amake Tadala, mwana afunika target," anayankha adadi mofatsa. "Nikaimilila, azaponya mumwamba."

Choncho tinkapita madzulo alionse, poti dzuwa la kuno limachedwa kulowa. Ndikukumbukira udzu wongometedwa kumene, sitima zikudutsa kuseri kwa mpanda, ndi phokoso la mpira ukagwera pakati penipeni pa golovesi. Adadi sankalankhula zambiri. Ankaloza pansi ndi zala kundiuza mpira woti ndiponye, ndipo woipa ankautchinga ndi chifuwa osadandaula. Tikatha ankandikodola akadali pansi pomwepo, n'kuika dzanja paphewa langa, n'kumadzuka pang'onopang'ono akundiuza za chigongono changa. Dzanjalo linkalemera. Ine ndinkanyada, poganiza kuti umu ndi momwe owakha amalemekezera oponya awo.

Pomwe sukulu inkatsegulira, mpira wanga unali utayamba kumvera, ndipo anyamata aja ankalimbirana kundiwakhira. Masamba asanathe kuyoyoka adadi anagonekedwa m'chipatala. Opaleshoni inathandiza bondo limodzi lokha, ndipo basi sanayendetsenso. Amayi anawonjezera mashifiti a kuchipatala, koma golovesi ija sanaichotse pafuliji.

Panopa adadi ndi amayi amakhala ndi ine ku Woolwich. M'mawa ndimagwada kuwaveka masokosi, popanda wondiuza, ndipo amayi akaona amangoyang'ana kumbali. Ndikatha, adadi amaika dzanja paphewa langa kuti adzuke pampando. Kulemera kwake ndi komwe kuja. Ndili mwana ndinkayesa kuti akundiyamikira, ndipo mwina n'zoona ankandiyamikira. Koma tsiku loyamba kundigwira chomwecho ku Woolwich ndinalira, chifukwa ndi pomwe ndinadziwa kuti chilimwe chonse chija adadi sankatha kudzuka okha.