Azakhali Oyang'ana Khoma

Azakhali anga anakalambira m'nyumba imodzi, koma osati yawo. Analowa ntchito akadali mtsikana, nyumbayo ili hotela ya anthu olemera: nsanamira zonenepa pakhomo, masitepe a matabwa okwera mokhota, denga lakutali moti ukatsokomola limakuyankha. Antchito ankadzera kakhonde kopanikiza kam'kati mwa makoma, ndipo lamulo linali loti ukakumana ndi mlendo, uime, uyang'ane khoma mpaka adutse. Nkhope ya wantchito inkawonongera anthu tchuthi, eti!

Hotelayo itagwa, anaisandutsa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mabedi anawatchinga ndi zingwe, mbale n'kuzitsekera m'magalasi, kakhonde kaja n'kukatseka ndi njerwa. Azakhali anawasiya kuti azisesa ndi kupukuta fumbi.

Vuto linali loti sanasiye kuyang'ana khoma. Masanasana, m'khonde lalikulu muli zii, iwo tsache pansi, mphuno kukhoma. Ndikawapititsira mankhwala a miyendo ndinkawapeza choncho.

"Mukupatsa njira ndani, azakhali?"

"Iwe sukumva mapaziwo? Akudutsa."

Odzaona malo anayamba kudandaula, ana a sukulu n'kumathawa akulira. Bwana wa pamalopo anawaitana. "Amayi, mukachitanso zimenezi, mukapume kunyumba." Kunyumba kwake kuti? Munthu analibe mwana, analibe munda, moyo wake wonse unali m'makoma amenewo. Bwanayo anandipsetsa mtima, koma ndinakanyengerera azakhali. "Mawa mukamva mapazi, musatembenuke. Ingoyang'anani, muona kuti kulibe kanthu."

Anandimvera, ntchito n'kupulumuka. Koma tsikulo ndinawapeza atakhala pa masitepe a alendo, pomwe sanakhalepo chibadwire.

"Mwaonatu kuti kulibe kanthu?" ndinawafunsa.

"Ndawaona," anatero. "Si alendo, mwanawe. Alendo anapita kalekale. Ndi anzanga amene anatisiya. Mayi wochapa uja, mkulu wa kukhitchini, onse anyamula mabeseni, akungozungulira kufuna polowera poti kakhonde kathu anakatseka. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikuwafulatira."

Ndinachita mantha zedi. "Ndiye anakulankhulani?"

Azakhali anapukuta maso ndi kansalu ka fumbi komwe kanali m'manja mwawo.

"Ayi. Atandiona nditaima chilili, ndikuwayang'ana m'maso, onse anatula mabeseni pansi n'kutembenukira kukhoma kuti ndidutse."