Mlangizi wa Amalume

Kwathu ku Kapelula, zaka za makuponi zija, munthu wolemekezeka kuposa onse sanali m'busa kapena phungu. Anali mlangizi wa zaulimi. Ankabwera pa njinga yamoto, chikwama kumsana, ndipo m'chikwamamo munkakhala timapepala togulira feteleza wotsika mtengo. Amuna a imvi ankavulira zipewa mnyamata wa msinkhu wa ana awo. Akangotsokomola, wina anali atathamangira kale madzi akumwa. Ine zinkandinyansa, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira zimandinyansabe.

Amalume anga, achimwene awo a amayi, anali m'komiti ya m'mudzi yolemba mayina a olandira makuponi. Ntchito yawo yeniyeni inali kunyamula kope ndi kutsatira mlangizi pambuyo, koma ankayenda ngati feteleza amapangidwira kuseri kwa nyumba yawo. Bambo anga atamwalira, amalumewo monga mwini mbumba ankafuna kuti chilichonse chokhudza ine chizidutsa pakhonde pawo. Chimene sichinadutsepo ndi fizi yokha. Imeneyo ankaisaka amayi, posoka fodya m'zigafa za pa esiteti. Koma tsiku limene zotsatira za Fomu 4 zinatuluka, n'kumveka kuti ndakhoza bwino, amalume ndi amene anazungulira mudzi wonse kulandira mayamiko.

Aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu anandipezera fomu yofunsira malo ku yunivesite. Pafomupo pankafunika kulemba koleji imene ukuifuna poyamba, kenako yachiwiri. M'mutu mwanga munali ziwiri. Ina inali ya uphunzitsi, kutali kum'mwera, kumene ndikanaphunzira masamu. Ina inali ya zaulimi. Ndisaname, ya zaulimiyo sinali yoipa. Inali pafupi, moti amayi akadwala ndikanafika tsiku lomwelo, ndipo anthu ankati omaliza kumeneko savutika kupeza ntchito. Koma ine ndinakulira m'fodya. Ndinkadziwa phula lake limene limamata m'manja osachoka ngakhale utsuke ndi mchenga, ndi chifuwa chimene umachoka nacho m'chigafa. Masamu ndiwo ankandipumitsa. Sabata yathunthu fomu ija inakhala m'kati mwa Baibulo la amayi, ine osalemba kanthu.

Amalume atamva, anandiitanitsa.

"Ndamva kuti pali sukulu ziwiri," anatero, atakhala pampando wawo wandalema, kope lija lili pamiyendo. "Ya uphunzitsi iiwale. Choko amathira m'munda?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye basi. Upita ku zaulimi. Zaka zinayi, ubwera pano pa njinga yamoto, chikwama kumsana. Makuponi azidzachokera m'nyumba mwathu muno."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti omaliza ku koleji ija sagawa makuponi m'midzi, ndipo ngakhale akanagawa, boma likhoza kunditumiza ku Chitipa kapena ku Nsanje. Ndinawauzanso kuti palibe akudziwa ngati makuponiwo adzakhalepo zaka zinayi zikubwerazo. Anaseka mpaka kuonetsa chibwano chonse.

"Mwana akaphunzira pang'ono amatsutsa ndi dzuwa lomwe. Makuponi angathe? Anthu aziponyera voti chiyani?"

Pasanathe masiku atatu, mudzi wonse unali utadziwa kuti mbumba yathu ikubala mlangizi. Anthu amene sanatipatsepo moni chimwalirire bambo anayamba kundiimitsa panjira. Amayi ena a kutsidya, amene anandikaniza kutunga madzi pachitsime chawo ndili wamng'ono, anandigwira phewa n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Manja awo anachenjeradi. Mawa lake anapititsa tambala kwa amalume. Ena anatsatira, wina ndi mazira, wina ndi lichero la mtedza, wina ndi thadzi. Amalume anatsegula tsamba lomaliza la kope lawo n'kuyamba kulemba mayina a amene adzayambe kulandira mwana akamaliza sukulu. Tangoganizani, anthu akuluakulu, ena madikoni a mpingo, kuima pamzere wa makuponi a zaka zinayi kutsogolo, kwa mlangizi amene fomu yake inali isanalembedwe n'komwe. Akuluakulu omwewo ndi amene anatiphunzitsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nkhuku zonsezo zinathera m'mimba mwa amalume, kwathu sikunafike ndi nthenga yomwe.

Ndinapita kukawapeza amayi kuchigafa. Anali atakhala pansi, mulu wa masamba patsogolo, akusoka osayang'ana n'komwe singano.

"Amayi, ndilembe iti?"

"Pafomupo alemba dzina la ndani?"

"Langa."

"Nanga ukundifunsa ine chiyani?"

"Koma amalume..."

"Achimwene ndi anga, ndinabadwa nawo," anatero akukoka chingwe. "Asiye kwa ine. Iwe lemba kumene mtima wako uli."

Mawa lake ndinakwera matola kupita ku Boma. Ndinalembera fomu ija pa kauntala ya positi ofesi, ndi cholembera chobwereka. Poyamba ndinaika uphunzitsi, zaulimi n'kubwera pachiwiri. Nditafika madzulo, amalume anandifunsa ngati ndalemba zaulimi. Ndinati ndalemba. Sindinaname kwenikweni, koma sindinanenenso zoona, ndipo ndinadziona wochenjera kwambiri. Miyezi yonse yodikira ija nkhuku zinapitiriza kulowa pakhomo pa amalume, ine n'kumangoseka chamumtima.

Tsiku limene ankawerenga mayina a osankhidwa pa wailesi, amalume anagula mabatire atsopano n'kuitana anthu. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, onse a patsamba lomaliza lija atakhala kutsogolo. Mayina a koleji ya zaulimi anawerengedwa mpaka kutha, langa osamveka. Amalume anati mwina wowerengayo walumpha mzere. Kenako anafika pa koleji ya uphunzitsi, ndipo dzina langa linamveka bwinobwino, ndi la sukulu yathu lomwe. Amayi okha ndi amene analulutira. Ena onse anadzuka mmodzimmodzi akusasa fumbi. Amayi a kutsidya aja anaima kutsogolo kwa amalume n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga tambala wanga uja?" Amalume anazimitsa wailesi n'kulowa m'nyumba.

Ndinanyamuka mutu uli m'mwamba. Ku koleji nkhani imeneyi inandipezera anzanga ambiri. Ndinkaifotokoza m'chipinda chodyera, n'kumayerekeza mayendedwe a amalume ndi kope lawo, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Ndikaimba foni kudzera kwa mwini golosale wa kwathu, amayi ankati kuli bwino, mvula yagwa bwino, ndilimbikire sukulu.

Ndinabwerera kumudzi patchuthi cha mu Febuluwale. Nditatsika matola ndinayenda pakati pa minda ya anthu, chimanga chobiriwira bii, chotalika kuposa ine. Kenako ndinafika pamunda pathu. Chimanga chinali cholekeza m'chiuno, masamba achikasu, kaufiti atachita maluwa m'mizere monse. Ndinaima pamenepo ndi chikwama changa, osafuna kukhulupirira kuti ndi munda womwe uja.

Amayi kunyumba kunalibe. Mkazi woyandikana nafe ndi amene anandiuza. Chaka chimenecho dzina la amayi silinalembedwe pa olandira makuponi. Mayi wamasiye, amene malamulo a makuponiwo ankati aziyambira iye, anamudumpha. Amalume ananena pamaso pa komiti yonse kuti nyumba ya aphunzitsi ithira choko, ndipo onse amene nkhuku zawo zinadyedwa anawomba m'manja. Kwa amene anadya nkhukuzo sanatenge kanthu. Anakalipsira mkazi amene sanalawe ndi msuzi womwe. Anthu amenewo ndimawanyoza mpaka lero, ndipo sindipepesa. Koma tsiku limenelo ndinadzinyozanso ndekha, ine wochenjera uja, amene ndinawerengera zonse pa kauntala ya positi ofesi kupatula munthu wotsala kumudzi.

Amayi ndinawapeza pa esiteti, m'chigafa, pakati pa akazi a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Dedza. Anali ataonda. Ankagwira ganyu yoti akamaliza awapatse ufa.

"Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Ukanatani? Ukanabwera kudzathira misozi m'chimanga?"

"Munkadziwa kuti adzachita zimenezi?"

"Ndinakuuza kuti ndinabadwa nawo," anatero. "Tsiku lomwe unakwera matola lija ndinadziwa kuti chaka chino kuponi kulibe."

Ndinakhala pansi n'kutenga singano kuti ndiwathandize. Anandilanda. Kenako anagwira dzanja langa ndi manja awo akuda bii ndi phula, n'kulitembenuza uku ndi uku, akuliyang'anitsitsa monga amachitira posankha tsamba labwino.

"Phula lija latha," anatero. "Usagwirenso. Khala apo undiuze za masamu akowo."

Nditabwerera ku koleji anzanga anandipempha kuti ndiwayerekezerenso amalume ndi kope lawo. Ndinawauza kuti nkhaniyo ndinaiiwala.