A Zakeyu Anatsegula Okha

Alamu anga a Zakeyu anali munthu wosadziwa kunena kuti ayi. Ukawabwereka khasu ankakupatsa ndi nkhwangwa yomwe. Ife tinkawaseka kuti tsiku lina fisi adzawapempha mbuzi, iwo n'kumufunsa kuti akufuna yaikazi kapena tonde. Ankaseka nafe limodzi, mano onse pamtunda.

Anabadwira kwa Apwitikizi, ndipo kuno ku Thyolo anafika ali kumsana kwa amayi awo. Anakulira m'tiyi, ntchito yawo n'kukhala yodulira. Atakwatira achemwali anga a Teleza anamanga nyumba pamudzi pathu, pamalo a mzungu. Pamalo otere munthu sugona tulo. Kapitawo akangokuda, mawa lake denga lako lili pansi ndipo uli pamsewu ndi miphika pamutu. N'chifukwa chake a Zakeyu ankaopa chinthu chimodzi kuposa njoka: kuti bwana angawaganizire zoipa.

A Teleza anali atapita padera kawiri. Kachitatu, m'chaka cha 1953, Mulungu anawakumbukira, kunabadwa mwana wamwamuna. Mwambo wathu ndi wakuti mayi ndi khanda amabindikira m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowamo, ngakhale bambo ake a mwanayo, chifukwa munthu woyenda kunja amakhala wotentha ndipo akhoza kumusempha mwana. Choncho a Zakeyu ankagona m'khitchini pamodzi ndi nkhuku. Mwana wawo ankangomudziwa ndi kulira. Akamva kaliwu kaja ankasiya kudya, n'kutchera khutu, n'kumamwetulira okha ngati wopenga.

Sabata yomweyo kusitolo ya kampani kunasowa mipeni yodulira tiyi. Inali nyengo ya chiperoni, nkhungu mbuu, mphepo yolowa m'mafupa. Masana ndinali panja ndikusinja, amayi atapita kudambo, ndipo ndinangoona apolisi awiri akubwera, a Zakeyu ali pakati, kapitawo akutsatira pambuyo. Anawatenga kumunda konko.

Wamkulu mwa apolisiwo anali a Blackson, bambo wa imvi wochokera ku Thekerani. Atamva khanda likulira m'nyumba anaima.

"Muli chikuta umo," ndinatero ine, musi uli m'manja. "Mchombo sunagwe."

A Blackson anatembenukira kwa alamu anga n'kulankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Bambo, ife kalata ya kukhoti yotiloleza kusecha nyumba tilibe. Tingalowe pokhapokha inu eni nyumba mutalola. Mukakana, tibwerera."

Anabwereza mawu omwewo kachiwiri. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mkulu ujayu ankapempha kuti akanidwe. Koma kapitawo, galu wa munthu, anaponyapo mawu ali kumbuyo: "Wosalakwa sabisa kanthu. Bwana ndikamuuza chiyani?"

"Alamu, kanani," ndinatero. "Abwere mchombo ukagwa. Mipeni siwola."

A Zakeyu anayang'ana kapitawo, anayang'ana ine.

"Ine si wakuba," anatero. "Lowani mukaone nokha."

Anakankha chitseko ndi dzanja lawo, nkhope atatembenuzira kumbali kuti asaone m'kati. Mwamva? Iwo mwambo anausunga. Anangoutsegulira anthu ena.

Apolisi analowa ndi nsapato zawo zamatope. Anauza a Teleza kuti adzuke pamphasa, ndipo achemwali anaima pakona, mwana ali m'manja. Anavundukula mitsuko, anagwedeza zofunda, anazokota denga ndi ndodo mpaka mwaye unadzaza nyumba yonse. Chitseko chinali pululu nthawi yonseyo, moto n'kuzilala. Sanapeze kanthu, ngakhale singano ya kampani. Potuluka, a Zakeyu anawaombera m'manja kuwathokoza. Ndinalakalaka kuwaphwanya ndi musi.

Mawa lake mwana anasiya kuyamwa. Anayamba kubanika, kachifuwa kakulowa m'kati. Amayi anayesa mankhwala onse amene ankawadziwa, koma mkuja wake m'mawa nyumba inangoti zii. Akuluakulu anati ndi tsempho. A kumishoni anati ndi chibayo, chifukwa cha mphepo ndi mwaye uja. Ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zonsezo zinalowera pakhomo limodzi.

Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta siliridwa mokweza, ndipo amakaliika ndi azimayi okhaokha. Tinalikulunga m'kansalu n'kutsikira nalo kumanda mwakachetechete. A Zakeyu anatsala atakhala pamtondo. Tikudutsa anaimirira, koma amayi athu anawaloza ndi chala kuti akhale pansi, ndipo anakhala.

Amalume anapita kuboma kukadandaula. Anayenda mtunda wonsewo wapansi n'kubwerako ndi mawu ochepa. Kumeneko anawauza kuti palibe mlandu, chifukwa mwini nyumba anavomera yekha, osaopsezedwa, mboni zilipo, ndipo anauzidwa kawiri kuti akhoza kukana. Amalume anati nyumba ya pachikamwini ndi ya mkazi, ndipo mkaziyo palibe anamufunsa. Anawayankha kuti boma limadziwa amene amakhoma msonkho. Osaopsezedwa! Ngati kapitawo uja anabwera kudzaona nkhuku.

A Teleza sanatukwane, sanaswe mbale. Anangokhala m'nyumba masiku ambiri, mkaka ukunyowetsa nsalu. A Zakeyu ankawatemera nkhuni, kuwatungira madzi, ntchito zimene mwamuna sagwira, koma iwo osawayang'ana n'komwe. Tsiku lina alamu anga anagwada pakhomo pamaso pa a Teleza, ine ndili pomwepo ndikupeta.

"Amayi, ndinkaopa kuti atithamangitsa pamalo pano. Tikanapita kuti ndi mwana?"

A Teleza anayankha osakweza mawu.

"Akanathyola chitseko, bwenzi tikulira limodzi. Koma munatsegula ndinu."

A Zakeyu anakhala chogwada kanthawi ndithu. Kenaka anadzuka, anakulunga mphasa yawo ya m'khitchini, n'kutsikira njira ya ku Khonjeni. Anapeza ntchito pa esiteti ina, ndipo tinkamva kuti azungu akumeneko ankawatama kuti ndi munthu wokhulupirika. Sanakwatirenso. Anamwalira ufulu usanabwere, ndipo ndinapita ndekha kumaliro, chifukwa ngakhale ndinali nawo mkwiyo, ndinkawamvera chisoni kwambiri. Anthu akumeneko anandifunsa ngati malemu anasiya ana. Ndinati anali naye mmodzi, wamwamuna, koma sanamuonepo.