Mano m'botolo la mayonezi

Chaka chimene ndinamaliza sekondale, amayi ankagulitsa tiyi, zitumbuwa ndi mpunga wa nyemba pansi pa mtengo wina m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege. Makasitomala awo anali madalaivala a takisi odikira alendo otsika ndege. Atate anamwalira ndili wamng'ono, choncho lendi ya nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku komboni ya Eyapoti, fizi yanga, ngakhale nsapato zanga, zonse zinkachokera pansi pa mtengo umenewo. Ine ndinkafuna kudzakhala dokotala wa mano. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndinkayankha zokometsera, zoti ndikufuna kuthandiza anthu, koma chilungamo chake n'chakuti ndinali ndi chizolowezi choipa kuyambira ndili mwana: munthu akamaseka, ine maso ali pa mano ake, nkhani yakeyo osaimva.

Ku tchalitchi kwathu kunali mayi ena, dokotala wa mano, amene anali ndi kachipatala kawo m'tauni muno mu Livingstone. Amayi anawapempha kuti ndizikaonerera ntchito yawo podikira kuti mwina sukulu ya udokotala inditenge. Adokotala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nangoti ndiwenge zikhadabo, ndibwere Lolemba.

Tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kugwa. Magazi sanandiopse. Chinandigonjetsa ndi fungo la dzino lowola likangozulidwa, fungo limene limakutsatira mpaka m'basi. Adokotala sanandinyengerere. Anandiuza kuti ndikakhale panja mutu uli pakati pa mawondo, ndipo nditabwerera anandipatsa kapaipi koyamwa malovu kuti ndigwire. Ntchito yanga inali imeneyo: kuimirira kumanzere kwawo, kugwira kapaipi, kupereka thonje, kutsuka zitsulo, ndi kutseka pakamwa panga. Yomalizayi ndiyo inkandivuta, chifukwa ndine wa mtima wapachala. Anthu ankabwera dzino litatha kale, atayesa adyo, fodya wa m'mphuno, mapiritsi osinja, ndipo ine ndinkafuna kuwafunsa kumene anali masiku onsewa. Adokotala ankangondiponyera diso pamwamba pa magalasi, ine n'kumeza mawu.

Dzino likatuluka, adokotala ankalionetsa kwa mwini wake.

"Zino yanu iyi," ankatero. "Mufuna kuyenda nayo, olo tisunge ya maphunziro?"

Ambiri ankalitenga. Tinkawakulungira m'thonje, iwo n'kulibisa m'thumba la mkati kapena kulimanga pa nsonga ya chitenje. Ine ndinkaseka chamumtima, ngakhale chifukwa chake ndinkachidziwa bwino. Ndinakulira m'komboni, kumene munthu akameta amasesa tsitsi lake yekha. Ena ankati titaye kapena tisunge, zilibe kanthu. Mano a anthu oterowo, akakhala athunthu, ndinkawatsuka n'kuwaika m'botolo la mayonezi muli madzi a jiki. Adokotala anati ku sukulu akandiuza kuti ndibweretse mano enieni ophunzirira kuboola ndi kumata, choncho kunali bwino kuyambiratu kutolera.

Pakati pa madalaivala odya kwa amayi panali bambo wina wa ku Mukuni, wamtali, wa mawu ngati hutala ya lole. Ndiye ankaweruza timilandu ta anzake pa renki, ndipo kumene iye wadya, onse ankadya komweko. Loweruka lina ndikuthandiza amayi ndinamuona atagwira tsaya, tiyi akumwera mbali imodzi. Nditamufunsa anavomera kuti wakhala akudontheza mafuta a mabuleki pa dzinolo kuti aphe kachilombo.

"Ba ankolo, mukamwa mwanu ni motoka?" ndinatero, anzake n'kufa nazo kuseka.

Ndinamutengera ndekha kwa adokotala. Anayamba ndi mapiritsi kuti chotupa chiphwe, kenaka linafika tsiku lozula. Dzinolo linali litafumbwa kotheratu. Chopanira chitangoligwira linaphwanyika, ndipo adokotala anavutika nalo, kutulutsa mizu umodziumodzi, thukuta lili kamukamu. Tizidutswato ndinatitaya ndekha m'bini yachikasu, ya zinthu zimene zimakatenthedwa. Bamboyo sanafunse kanthu, anangotuluka ataluma thonje akugwedeza mutu mothokoza. Kuchokera tsiku limenelo ankanditchula ba dokota ang'ono, ndipo ndisabise, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Patapita nthawi adokotala anaitanidwa ku msonkhano ku Lusaka, ndipo kachipatala kanatsekedwa kwa masiku angapo. Anandiuza kuti akadzabwera adzandiyesa: adzandiika dzino m'manja nditatsinzina, ine ndinene ngati ndi la m'mwamba kapena la pansi, lakumanja kapena lakumanzere. Ndinapempha kuti nditenge botolo lija ndikaphunzirire kunyumba. Anavomera osaganiza kawiri. Kwa iwo linali ngati buku, ndipo miyezi imeneyo inali itandisandutsa inenso wotero. Ndinalikulunga m'nyuzipepala kuti amayi asanyansidwe nalo, n'kuliika pa shelefu ya pamwamba, poti ndi pokhapo m'nyumba mwathu pamene chinthu sichingagundidwe. Pa shelefu yomweyo ndi pamene amayi ankaika shuga ndi mchere wa pa bizinesi, m'mabotolo a mayonezi, okulungidwa m'nyuzipepala kuti asasweke m'dengu.

M'mawa mwake magetsi anali atathima, ndipo tinalongeza mofulumira. Poti kuchipatala kunali kotseka, ndinapita nawo kukathandiza. Madalaivala anali atadzaza pa benchi kudikira ndege ya m'mawa. Ine ndinali chogwada ndikutembenuza zitumbuwa pamene dalaivala wina anatenga botolo m'dengu kuti athire shuga mu tiyi. Ndinamva nyuzipepala ikufumbatuka, kenaka zii. Nditacheuka, anali atalikweza m'mwamba, dzuwa likuwala m'madzi muja, mano ali mbuu pansi pake.

Palibe anakuwa. Bola akanakuwa. Mmodzi analavula chitumbuwa chimene chinali m'kamwa. Wina anathira tiyi wake pansi pang'onopang'ono, maso ali pa amayi.

"Ni meno ya kuchipatala!" ndinatero. "Ni yanga, ya maphunziro. Ba mami sibazibako chilichonse."

"Ya maphunziro mu basiketi ya vakudya?" anafunsa wa botolo uja. "Kanshi ndiye chifukwa sitimakwanisa kudya kwina."

Mawu amenewo ndiwo anatipha. Aliyense m'tauni muno anamvapo za ogulitsa okhwima, oika chizimba pansi pa poto kuti makasitomala asamapite kwina. Kukoma konse kwa mpunga wa amayi, kumene ankakudzukira m'mamawa zaka zonsezo, kunasanduka umboni wowatsutsa. Ine mkwiyo unandikwera, ndinawatcha mbuli, anthu akuluakulu oyendetsa azungu koma mitu ili m'mudzi. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo zinandilowa. Bambo wa ku Mukuni anaimirira. Anaika kapu yake pa benchi, lilime likufufuza pa mpata paja, n'kupita ku galimoto lake.

Masiku otsatira amayi anapitabe. Ankaphika monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka ndege yomaliza, madzulo n'kubwerera ndi mapoto odzaza. Tinadya mpunga wa nyemba m'mawa ndi madzulo, wina n'kumasasa. Anansi amene kale ankatumiza ana kudzapempha zitumbuwa zotsala anayamba kuwaitana ana awo akayandikira khomo lathu. Ku mpope, ndikafika, nkhani inkaduka. Amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mbama.

Adokotala atabwera ndinawafotokozera ndikulira. Anagwira pakamwa, nati cholakwa ndi chawo, sanayenere kundilola. Tsiku lomwelo anatseka msanga, napita nane pa renki. Anafotokoza zonse bwinobwino: kuti eni mano anavomera, kuti ophunzira onse amatero, kuti jiki amapha tizilombo. Madalaivala anamvetsera mwaulemu, zipewa zili m'manja, akuti inde ba dokota, tamvera ba dokota. Galimoto la adokotala litangokhota, ndinamva wina akuti, "Manje mwaona? Ni bamozi." Botolo, limene ndinapita nalo kuti ndikalibweze, adokotala analisiya m'manja mwanga, poti m'chipwirikiti chimenecho tonse tinaliiwala, ndipo ndinabwerera nalo kunyumba ngati mtembo wosowa manda.

Lamlungu masana tinamva galimoto likuima pakhomo. Anali bambo wa ku Mukuni uja. Amayi anamupatsa mpando, iye anakhala, koma madzi anakana. Analankhula motsitsa mawu, mwina koyamba m'moyo wake. Anati iye sakufuna kuweruza munthu, amayi wawadziwa zaka zambiri. Koma chichotsere dzino lija zinthu sizikumuyendera: galimoto lawonongeka kawiri, alendo akumudutsa n'kukwera za anzake, mkazi wake sakugona.

"Nipaseni chabe zino yanga, ba mayo," anatero. "Nikaishike mu dothi neka kumunzi. Mukanipasa, nizakamba na ba guys, mailo bonse tizabwela kudya. Nalonjeza."

Ndinaona nkhope ya amayi ikutsitsimuka. Anandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana ku chipinda kumene kunali botolo. Ndinakalitenga n'kuliika pa tebulo. Munali mano akumbuyo otafunira angapo, a pansi, ofanana ndi limene linali lake. Ndikanatha kuvuula limodzi ndi supuni, kulikulunga m'pepala, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye sakanadziwa. Koma ine ndinali nditaimirira pambali pake tsiku lija, ndinaona dzino lake likuphwanyika, ndinalitaya ndi manja angawa. Ndiponso lililonse la m'botolomo linali la munthu wina, amene analisiya atauzidwa kuti ndi la maphunziro, osati lokakwiriridwa ku Mukuni m'dzina la munthu wachilendo. Pamwamba pa zonsezo, ndinali ndidakali wokwiya. Ndinkaona ngati kumupatsa n'kuvomera kuti iwo ankanena zoona.

"Ba ankolo, yanu mulibe umu," ndinatero. "Inapwanyika. Tinataya mu bini, banashoka na moto kudala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ya bantu bonse ilimo, yanga chabe ndiye mulibe?"

"Ni zoona. Mungafunse ba dokota."

"Iwe mwana, ndiwe unanitenga kuja na kwanja yako." Anatembenukira kwa amayi. "So yanga munasebenzesa kudala."

Atamva akuwanena kuti dzino lake analigwiritsa kale ntchito, amayi anagwada pansi pamaso pake, mayi wamkulu, wa bungwe la amayi ku tchalitchi, akulumbira pa dzina la Mulungu. Ine ndinawakoka kuti adzuke, ndikukuwa kuti asagwadire munthu pa mlandu umene sanapalamule. Bamboyo anaimirira, navala chipewa chake, natuluka osatsanzika. Anansi anali atatuluka kale m'makomo mwawo, ena akunamizira kuyanika zovala zouma.

Dzuwa linapendeka tili m'nyumba. Amayi anali pa mkeka, miyendo atatambasula, akuyang'ana manja awo. Pomaliza analankhula osandiyang'ana.

"Sembe unamupasa chabe iliyonse, mwana wanga. Zino ni zino."

Zoti ndikanangomupatsa lililonsezo ananena kamodzi kokha, ndipo sanabwerezenso mpaka lero. Ine ndabwereza mawu amenewo m'mutu mwanga kosawerengeka, ndili ku sukulu, ndili pa ntchito, ndipo yankho limasinthasintha. Masiku ena ndimati ndinachita bwino. Masiku ena ndimaona mtsikana wouma mutu amene anagula chilungamo chake ndi thukuta la mayi ake, iye osalipirapo kanthu. Pambuyo pake amayi anapeza ganyu yochapa nsalu za pabedi pa loji ina ya cha ku Simonga, kumene palibe ankawadziwa, ndipo msana wawo unayambira komweko kuvuta.

Usiku wa Lamlungu limenelo ndinagona nditatsimikiza kuti za mano ndazisiya. Ndinkati ndikafune ntchito ina iliyonse, ngakhale yosesa m'sitolo, kuti anthu aiwale. Koma m'mawa amayi anandigwedeza phewa nthawi yomwe ankandidzutsira masiku onse. Malaya anga oyera anali atawasita kale, atawapachika pa chitseko.

"Uka, uzachedwa," anatero. "Ba dokota bakuyembekeza."

Ndinati sindipita. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, nati ngati sindipita ndiye kuti zonsezi zawagwera pachabe. Ndinavala ndikulira, ndinanyamula botolo lija m'chikwama kuti ndikalibweze. Potuluka ndinapeza mapoto awo aakulu ali chovundikira pakhonde, otsukidwa bwino, ouma. Iwo anakhala pa mpando pambali pake, manja ali pa mawondo, akundiyang'ana mpaka ndinakhota pa ngodya.