Foni Inandipeza Ndikugulitsa Manachesi

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndinabwerera kwathu kwa Kanduku ndikuganiza kuti boma lindiitana mwezi womwewo. Panapita zaka ziwiri. Ankangoti ndalama zolembera anthu ntchito palibe. Ndinayamba kuthandiza amayi kugulitsa manachesi pamalire, kwa madalaivala a mathiraki opita ku Zobue.

Nthawi imeneyo azakhali anga ankadwala khansa ya m'bere, ndipo ndinkawaperekeza ku Blantyre kukalandira mankhwala. Tinkapeza mabenchi atadzaza kale, namwino mmodzi yekha akuthamanga uku ndi uku. Tsiku lina ndinaona kuti diripi ya mayi wina yasiya kudontha, ndipo ndinakamunong'oneza namwinoyo. Ataikonza, anandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinamuuza kuti nane ndinaphunzira unamwino.

"Ndiye mukutani kumudzi?" anatero. "Tamva kuti m'bajeti ya chaka chino muli ndalama zolembera anamwino a khansa. Akangolengeza, mulembe kalata."

Analengezadi pawailesi. Ndinalemba, ndinapita kukafunsidwa mafunso, kenako kunangoti zii mpaka manachesi anapsanso.

Foni inalira masana ena ndikutsanulira dalaivala wina manachesi m'thumba. Woimbayo anali mayi wa mawu odekha. Anatchula dzina langa lonse, n'kunena kuti boma landilemba ntchito ku chipatala cha khansa ku Lilongwe, ndipo ndikayamba ndi maphunziro apadera. Ndinawapempha kuti abwereze, chifukwa thiraki inali ikulira pafupi. Anabwereza akuseka.

Thumba linandipulumuka. Manachesi anagubuduka mpaka pansi pa matayala. Amayi anaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro, koma nditawauza anaimba nthungululu, amayi anzawo ogulitsa n'kulandirira asanadziwe n'komwe nkhani yake. Dalaivala uja anatola yekha manachesi ake. Wosintha ndalama wina anandigwira chanza n'kundiyamikira m'Chipwitikizi.

Ndinakwera kabaza kuthamangira kwa azakhali. Pachitunda ndinatsika n'kuyamba kuthamanga wapansi, poona kuti njinga ikuchedwa. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, atavala duku chifukwa tsitsi linali litathothoka. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandikokera pamkeka n'kundigwira manja onse awiri.

"Ukakafika, uzikawauza odwala zimene ukuwachita," anatero. "Munthu amachita mantha akamangobayidwa osauzidwa kanthu."

Sabata yotsatira ndinakwera basi ndi yunifolomu imene inakhala m'sutikesi zaka zonsezo. Inali itandithina m'mapewa. Tinalipo atsopano angapo tsiku loyamba, ndipo sisitala wamkulu wa wodi anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kunena kuti mwina tsopano iyeyo apeza mpata wopita kutchuthi. Tisanaike n'komwe zikwama, anatiitana kuti timutsatire kwa wodwala woyamba, bambo wa ku Mchinji amene ankafuna kudziwa ngati mankhwalawo amuletsa kudya nsomba.